Chisamaliro cha Mphaka Wamkazi Akatsekedwa Kubereka

Opaleshoni yotseka mphaka wamkazi kuti asaberekenso ndi ntchito imene dokotala wa ziweto amaimaliza ola lisanakwane, koma kuchira kwake kumatenga masiku 10 mpaka 14, ndipo masiku onsewo mphaka amakhala m'manja mwa eni ake. Dokotala amagonetsa mphaka ndi mankhwala, n'kumeta ubweya, n'kung'amba pang'ono pamimba m'munsi mwa mchombo, kapena m'mbali kuseri kwa nthiti. Amamanga mitsempha ya magazi, n'kuchotsa timatumba tiwiri ta mazira pamodzi ndi chiberekero. Akatero amasoka mnofu wa mimba, kenaka n'kusoka khungu pamwamba pake. Chimene mwini mphaka amachiona ndi kabala ka masentimita awiri kapena atatu. Chimene sachiona ndi ulusi wa mkati, umene wagwira mnofu kuti matumbo asatuluke, ndi mfundo zimene zamanga mitsempha kuti isakhe magazi. Malangizo onse a pambuyo pa opaleshoni cholinga chake n'chimodzi: kuteteza ulusi wobisikawo kufikira thupi litalumikizana lokha.

M'boma la Chadiza, kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, mphaka ndi wantchito. M'midzi ya mafumu a Mlolo, a Zingalume ndi a Mwangala anthu amadalira chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa, ndipo zokolola zikangolowa m'nkhokwe ndi m'matumba, makoswe nawo amasamukira pakhomo. Mphaka ndiye amalonda usiku wonse. Mgwirizano umenewu ndi wakalekale, pakuti mphaka woweta anachokera kwa vumbwe, amene anayamba kuyandikira midzi zaka pafupifupi 10,000 zapitazo ku Middle East, anthu atayamba kusunga mbewu. Ngakhale zili choncho, mphaka sawerengedwa pa chuma cha banja. Sagulitsidwa pamsika, salipira mlandu, sakoka ngolo, ndipo ena amamuyang'ana ndi diso lokayika chifukwa cha nkhani za ufiti. Akavulala, anthu amangoti adzinyambita yekha, apola. Maganizo amenewa ndi oopsa kwa mphaka wochitidwa opaleshoni. Bala lake sanalitenge kutchire. Analandira chifukwa anthu a pakhomo anasankha kuti zitero, choncho udindo wolipoletsa ndi wawo.

Chifukwa chotsekera mphaka chimaoneka msanga munthu akawerengera kaberekedwe kake. Mphaka wamkazi angathe kutenga bere ali ndi miyezi inayi kapena isanu yokha. Bere lake limatenga masiku 63 mpaka 65, amatha kuswa tiana tinayi kapena kuposerapo, ndipo angathe kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Amatenganso bere lina akadali kuyamwitsa. Akapanda kukumana ndi wamwamuna, amalira usiku ndi kudzigubuduza pansi masabata awiri kapena atatu aliwonse. Pakhomo pamene nsima ndi yoyeza, tiana totereti timafa ndi njala, timatayidwa kudambo, kapena timakula popanda mwini ndi popanda katemera. Opaleshoni imatetezanso mayi wake. Chiberekero chikachotsedwa, nthenda yoopsa ya mafinya a m'chiberekero imakhala yathetsedwa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2005 anapeza kuti kutseka mphaka asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi kumachepetsa chiopsezo cha khansa ya mawere ndi 91 peresenti, ndipo kumutseka asanakwanitse chaka kumachepetsa ndi 86 peresenti.

Ntchito imeneyi si yofanana ndi kufula mbuzi kapena nkhumba, kumene alimi ena amachita okha kukhola. Pano mimba imatsegulidwa, ndiye pamafunika mankhwala ogonetsa, zipangizo zophedwa tizilombo, ndi dzanja lophunzira. Ku Zambia madokotala a ziweto amaphunzitsidwa pa Samora Machel School of Veterinary Medicine ya University of Zambia ku Lusaka, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo lamulo la mu 2010 limafuna kuti aliyense wogwira ntchitoyi akhale wolembetsedwa ku Veterinary Council of Zambia. Kwa munthu wa ku Chadiza, poyambira kufunsa ndi ku ofesi ya ziweto ya pa boma kapena kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lake. Anthu amenewa nthawi yawo yambiri imathera pa ng'ombe zodwala matenda a nkhupakupa, chigodola cha nkhumba ndi chitopa cha nkhuku, ndipo ngati zipangizo za opaleshoni palibe, ulendo umaloza ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 70. Kutalika kumeneku n'kumene kumachititsa kuti chisamaliro cha pakhomo chikhale chachikulu. Amene ali pafupi ndi dokotala angathe kubwererako madzulo omwewo. Amene ali kutali ayenera kupewa vuto lisanayambe, ndi kulizindikira likadali laling'ono.

Choncho mwini mphaka asachoke kwa dokotala asanamve zinthu zinayi: ngati ulusi wa pakhungu ndi wosungunuka wokha kapena ndi wochotsa, tsiku louchotsa, mankhwala a ululu amene aperekedwa ndi kamwedwe kake, ndi nambala ya foni yoimbira zikavuta. Ulendo wobwerera kumudzi ukhale wa m'katoni yolimba yoboola timabowo ta mpweya, kapena m'dengu lovundikira bwino, pansi pake patayalidwa chitenje chochapa. Thumba la saka, limene anthu ambiri amanyamuliramo mphaka, silifunika konse, chifukwa limapinda thupi, limafinya mimba, ndipo mumatentha. Panjinga yamoto katoniyo aigwire munthu pamiyendo, osati kuimangirira pakaliyala pamene mabampu onse a msewu amathera. M'minibasi isaikidwe padzuwa kapena pansi pa katundu. Isatsegulidwenso panjira, pakuti mphaka wosokonezeka ndi mankhwala akadumpha n'kulowa m'tchire la chilendo, kumupezanso n'kovuta.

Usiku woyamba ndi wa mankhwala ogonetsa. Mphaka amayenda dzandidzandi, maso ali tong'o, mutu ukugwedezeka, ndipo nthawi zina sazindikira ngakhale amene amamudyetsa tsiku ndi tsiku. Zimenezi zimachepa pakatha maola 12 mpaka 24. Pa nthawiyi thupi lake silitha kusunga kutentha, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene kumapiri a Chadiza kumazizira usiku. Agone pansi, pansalu youma, pakona pamene sipawomba mphepo. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu likaikidwa pambali pake limathandiza. Kumugoneka pafupi ndi mbaula kapena pamoto wa kukhitchini ndi ngozi, chifukwa nyama yoledzera ndi mankhwala imapsa isanadziwe kuti ichoke. Mu Okutobala vuto limatembenuka: nyumba ya malata imasanduka ng'anjo masana, ndiye pamafunika mthunzi, mpweya ndi madzi. Ana a pakhomo auzidwe kuti asamunyamule. Mphaka wamantha amaluma ndi kukanda, ndipo wolumidwa asambe balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala, makamaka ngati mphakayo sanabayidwepo katemera wa chiwewe.

Chovuta kwambiri pamudzi ndi kumusunga m'nyumba. Mphaka wa kumudzi anazolowera kutulukira pampata wa pakati pa khoma ndi denga, kukwera pankhokwe, kudumphira mumtengo wa mango pothawa agalu. Kudumpha kulikonse kumakoka mnofu wa mimba pamene pali ulusi. Pakapita masiku atatu kapena anayi mphaka amaoneka ngati wachira: akudya, akulira pachitseko, bala lauma. Apa m'pamene eni ake ambiri amafewa mtima n'kumutsegulira. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Khungu limatseka msanga, pamene mnofu wa mkati pa masiku amenewo umakhala ukudalira ulusi wokha. Mphaka akhale m'chipinda chotsekeka masiku onse amene dokotala wanena, mipata ya kudenga ndi mazenera zitatsekedwa, ndipo milu ya matumba imene angakwerepo itachotsedwa. Ngati chipinda chotere palibe, chikwere cha nkhuku chotsukidwa bwino kapena bokosi lalikulu la matabwa lokhala ndi waya pamwamba limakwanira, malinga likhale m'nyumba ndipo mukhale malo ogona, odyera ndi odzithandizira.

Podzithandizira pakhale beseni lakale losazama. Mchenga ndi dothi zimamatirira pabala, motero sabata yoyamba mapepala ong'ambang'amba ndiwo abwino. Mphaka akawakana, mchenga wouma woyera ungathe kuikidwa pang'ono, koma bala liziyang'anidwa akatulukamo. Beseni litayidwe tsiku lililonse, ndipo ntchito imeneyi asaigwire mayi woyembekezera, chifukwa m'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo timene timavulaza mwana wosabadwa. Beseni lomwelo limauza mwini mphaka zambiri. Mphaka ayenera kukodza maola 24 asanathe. Chimbudzi chachikulu chingathe kuchedwa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa anagona ndi njala opaleshoni isanachitike.

Chakudya chiyambe pang'ono. Akadzuka bwino n'kumatha kuimirira, apatsidwe madzi m'mbale yosazama, ndipo madzulo alandire theka la chimene amadya masiku onse kapena kucheperapo. Kusanza kamodzi usiku woyamba sikodabwitsa. Mphaka ndi nyama yodya nyama, ndipo thupi lake silipeza zokwanira mu nsima yokha. Masiku ena onse amadzipezera ndiwo posaka makoswe, abuluzi ndi ziwala, koma akatsekeredwa m'chipinda njira imeneyo yaduka, ndiye banja liyenera kulowa m'malo mwake. Kapenta woviikidwa m'madzi kuti mchere uchoke, dzira lowiritsa, kapena kachidutswa ka nkhuku kopanda mafupa, zosakanizidwa ndi nsima pang'ono, zimapereka zomangira bala. Msuzi wa ndiwo za pabanja sukuyenera, chifukwa anyezi amawononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Mphaka akakana chakudya tsiku lathunthu, dokotala adziwitsidwe, pakuti mphaka wokhala masiku angapo osadya amayamba kudwala chiwindi.

Bala liyang'anidwe kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, poyera kapena ndi tochi. Njira yabwino si kumugubuduza chagada mokakamiza ayi, koma kumusisita mpaka agone cham'mbali, kapena kumukweza pang'ono miyendo yakutsogolo yakumbuyo ili pansi. Bala loyenda bwino limakhala louma, milomo yake yagwirana, lofiira pang'ono masiku oyamba, ndipo pansi pake pamatha kumveka kachotupa kolimba pamene pali mfundo ya ulusi. Amene ali ndi foni ya kamera angathe kulijambula tsiku ndi tsiku. Zithunzizo zimaonetsa ngati kutupa kukukula, ndipo zingathe kutumizidwa kwa dokotala pa WhatsApp ulendo usanayambe. Mphaka asasambitsidwe ndipo asanyowe. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ntchentche zimachuluka ndipo zimaikira mazira pabala lonyowa, mphutsi n'kuyamba kudya mnofu. Palinso ntchentche ina imene imaikira mazira pamchenga ndi pansalu zonunkha mkodzo, mphutsi zake n'kuboola khungu. N'chifukwa chake nsalu zogonera zizisinthidwa, kuchapidwa ndi kusitidwa.

Mdani wamkulu wa ulusi ndi lilime la mphaka mwini. Lilimelo lili ndi timinga toloza kumbuyo, ndipo mano ake akutsogolo amatha kudula mfundo usiku umodzi. Chikhulupiriro chakuti malovu amapoletsa bala chilibe maziko pano: mkamwa mwa mphaka muli tizilombo tambiri, ndipo kunyambita kumanyowetsa ndi kutsegula bala. Madokotala amaveka mphaka kolala ya pulasitiki yotambasuka mozungulira mutu. Ikasowa, ingathe kudulidwa kuchokera ku chigubu chofewa kapena katoni yolimba, m'mphepete mwake n'kukutira ndi nsalu, ndipo pakhosi pasiyidwe mpata wolowa zala ziwiri. Njira ina ndi kachovala: dzanja la malaya akale a thonje, loboola mabowo anayi a miyendo, limaphimba mimba yonse n'kusiya kumbuyo poyera. Tsiku loyamba mphaka amadana nazo, amayenda chobwerera m'mbuyo kapena amangogona ngati wafooka. Chisoni chisachititse munthu kumuvula. Ngati akulephera kudya, kolala ivulidwe nthawi ya chakudya yokha, munthu ali pomwepo.

Ngozi ina imabwera ndi chifundo chenicheni. Munthu akaona chiweto chikumva ululu amathamangira ku mankhwala amene iye amamwa, ndipo oyamba kupezeka pagolosale ndi Panado kapena Panadol, amene ndi paracetamol. Kwa mphaka mankhwala amenewa ndi poizoni. Chiwindi chake sichitha kuwasungunula monga chimachitira cha munthu, ndipo ngakhale chidutswa cha piritsi limodzi chimawononga magazi kuti asanyamule mpweya. Nkhama zimada, nkhope ndi mapazi zimatupa, mphaka amapuma movutika, ndipo kawirikawiri amafa. Brufen, aspirin ndi diclofenac amawononga impso ndi chifu. Dettol ndi Jeyes Fluid amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndi ponyambita. Dibi wa ng'ombe ndi mankhwala ena a nthata za agalu amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka. Phulusa, oyilo wakuda wa galimoto, fodya, makala a batire ndi zitsamba zosinja, zimene ena amapaka pazilonda za ziweto, zimangodetsa bala limene linasokedwa lili laukhondo. Bala la opaleshoni silifuna kupakidwa kanthu. Likadetsedwa, lipukutidwe m'mbali ndi kansalu koyera koviikidwa m'madzi owiritsa atazirala, osungunuliramo supuni yaing'ono ya mchere pa theka la lita.

Izi sizikutanthauza kuti ululu ungosiyidwa. Mphaka amamva ululu, kungoti amaubisa. Amakhala chonyonyomala mutu uli pansi, maso atatsinzina pang'ono, makutu atagwera m'mbali, safuna kukhudzidwa, ndipo ngakhale kamkonono ka pakhosi kamene amachita akakondwa amakachitanso akamavutika. Madokotala ali ndi mankhwala oyenera mphaka, monga meloxicam, amene amawayeza malinga ndi kulemera kwake. Amenewo aperekedwe pamlingo ndi masiku amene anenedwa, osawonjeza, ndipo ayimitsidwe mphaka akayamba kusanza kapena kukana chakudya kufikira dokotala atanena chochita.

Pali zizindikiro zimene sizidikira m'mawa. Nkhama za mphaka wabwino zimakhala zofiirira. Zikayera mbuu, mphaka n'kufooka, mapazi n'kuzizira, mimba n'kufufuma, ndiye kuti magazi angakhale akutayikira mkati. Magazi odontha osaleka, bala lotseguka, kusanza kobwerezabwereza ndi kupuma mobanika, zonsezi ndi za ulendo wa nthawi yomweyo. Ngati chinachake cha m'mimba chatulukira pabala, chisakankhidwire mkati. Chiphimbidwe ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi madzi a mchere aja, mimba imangidwe mosafinya, mphaka aletsedwe kunyambita, n'kunyamuka. Zizindikiro zina zimapereka mpata wa tsiku limodzi koma sizifuna kunyalanyazidwa: mafinya, fungo, bala lotentha ndi lofiira kwambiri, kapena chotupa chofewa chimene chikukula. Chotupa chotere nthawi zina ndi madzi chabe osonkhana pansi pa khungu, koma nthawi zina ndi ulusi wa mkati umene waduka, ndipo wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala. Kwa banja la kutali ndi msewu, nzeru ndi kusungiratu ndalama ya ulendo wadzidzidzi ndi kudziwiratu amene angathandize ndi njinga yamoto usiku.

Amphaka ena amafuna chisamaliro choposa. Amene watsekedwa ali m'nyengo yofuna wamwamuna amapitiriza kukopa amuna masiku angapo, ndipo akakweredwa angathe kuvulala mkati, motero chitseko chikhale chotseka ndithu. Amene anali ndi bere amakhala ndi bala lalikulupo ndipo amataya magazi ambiri, choncho amafuna kufunda, madzi ndi chakudya chabwino. Woyamwitsa ndi bwino kumutseka patapita masabata awiri tiana titasiya kuyamwa, mawere ataphwa; zikakakamiza kuti atsekedwe akadali kuyamwitsa, madokotala ambiri amang'amba m'mbali kuti tiana tisamaponde bala.

Masiku 10 mpaka 14 akakwana, ulusi wochotsa umachotsedwa ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, ndipo mphaka amatulutsidwa m'chipinda bala likakhala louma ndi logwirana. Ubweya umamera pakapita masabata angapo. Kulira kwa usiku kumatha, ndipo amphaka amuna amasiya kudzamenyana pakhomo. Anthu ena amaopa kuti mphaka wotsekedwa amasiya kugwira makoswe, koma luso losaka silichokera m'chiberekero, ndipo mphaka amene sakutha mphamvu ndi mimba ndi kuyamwitsa amakhala pakhomo nthawi yambiri. Chimene chimasintha n'chakuti thupi lake limafuna chakudya chocheperapo pamene njala imakula, choncho wa m'tauni wodya zakusitolo ayenera kuyezeredwa kuti asanenepe. Kutsekedwa sikumuteteza ku matenda ena. Amafunikabe mankhwala a njoka za m'mimba, amafunika kutalikirana ndi poizoni wa makoswe, ndipo amafunika katemera wa chiwewe, nthenda imene imapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse. Ngati sanabayidwe tsiku la opaleshoni, mwini wake afunse ku ofesi ya ziweto za nthawi ya katemera wa agalu ndi amphaka, amene m'madera ambiri amaperekedwa pokumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe pa 28 Seputembala.